Kumwamba kwa ubongo n'kuti? Mmene madokotala amalozera malo m'kati mwa mutu

Munthu akaimirira, kumwamba kwa mutu wake ndi paliwombo. Mugonekeni chagada pa kabedi ka makina ojambulira m'mutu, chimene chaloza kudenga tsopano ndi mphuno. Mutembenuzeni chafufumimba, monga amachitira pa maopaleshoni ena a kunkhongo, ndiye kuti kumwamba kwasanduka nkhongoyo. Tsono dokotala akalembera mnzake kuti chotupa chili "pamwamba pa mtsempha wakutiwakuti", wowerengayo aganize za kumwamba kuti pa kutatuku?

Funsoli likumveka ngati lachibwana, koma ubongo sufuna zongoyerekeza. Wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndi wofewa, ndipo m'kati mwake mwapanikizana tizigawo tambirimbiri, tina tochepa kuposa chikhadabo, kalikonse ndi ntchito yake. Amene akufuna kuloza malo m'menemo, kaya ndi wopanga opaleshoni, wowerenga zithunzi kapena wophunzira wa chaka choyamba, amadalira mawu ochepa osonyeza mbali ndi njira zitatu zodulira. Mawuwo anachokera ku Chilatini ndipo ophunzira ambiri amangowaloweza pamtima. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kudzivutitsa, chifukwa onsewo atsamira pamfundo imodzi: mbali zimawerengedwa pathupi la mwini ubongoyo, osati pachipinda chimene iye alimo. Chimene chimasokoneza n'chakuti mzere umene ubongo wa munthu umatsata ndi wopindika.

Thupi loimirira la m'maganizo

Akatswiri a kapangidwe ka thupi anagwirizana kaimidwe kamodzi koyambirapo. Munthu waima chilili, nkhope yaloza kutsogolo, mikono yagwera m'mbali, zikhatho zayang'ana kutsogolo. Wodwala agone, akhale pansi kapena azondoke, pomufotokoza amamuimiritsa choncho m'maganizo. Pamenepo mawu akuti anterior amatanthauza cha kumphumi, posterior cha kunkhongo, superior cha kuliwombo, inferior cha kumapazi. Ndiyeno ganizirani mzere wotsika pakati penipeni pa thupi, kudutsa pamphuno mpaka pamchombo. Chimene chayandikira mzerewu ndi medial, chimene chatalikira cha kukhutu ndi lateral. Kumanja ndi kumanzere ndi kwa wodwalayo nthawi zonse, osati kwa amene akumuyang'ana.

Mawuwa amayerekezera zinthu ziwiri, sapereka dzina kwa chinthu chimodzi pachokha. Diso lili anterior mukaliyerekeza ndi khutu, koma lili posterior mukaliyerekeza ndi nsonga ya mphuno. N'chimodzimodzi ndi kumpoto ndi kummwera: mudzi umene uli kumpoto kwanu uli kummwera kwa wina.

Mgwirizano wa mayinawu si wakale kwenikweni. Isanafike 1895, kachiwalo kamodzi kankatha kukhala ndi mayina angapo, lililonse la mphunzitsi wake kapena la dziko lake. M'chaka chimenecho akatswiri anakumana ku Basel, ku Switzerland, ndipo anapungula mayina pafupifupi 50,000 n'kutsala ndi 5,500 ndi kanthu. Mndandanda wapadziko lonse wotchedwa Terminologia Anatomica, umene unatuluka koyamba mu 1998, ndi mdzukulu wa ntchito imeneyo.

Mpaka pano palibe chovuta. Vuto limayamba ndi mawu ena anayi.

Mawu obwereka kwa nyama za miyendo inayi

Yang'anani galu ataima. Mphuno, ubongo, chingwe cha minyewa cha mumsana ndi mchira zandandalikana pafupifupi pamzere umodzi wogona. Mzere umenewu, wodutsa pakati pa ubongo ndi chingwe cha mumsana, amautcha neuraxis. Kulowera cha kumphuno ndi rostral, kuchokera ku rostrum, mlomo wa mbalame. Kulowera cha kumchira ndi caudal, kuchokera ku cauda, mchira. Mbali ya kumsana ndi dorsal, poti dorsum ndi msana, ndipo ya kumimba ndi ventral, poti venter ndi mimba. Pagalu mawu anayiwa sakangana: dorsal ndi kumwamba kuyambira pamutu mpaka kumchira.

Wina angafunse kuti nanga munthu, amene alibe mlomo wa mbalame ngakhale mchira, mawuwa akumukhudza bwanji. Chifukwa chake n'chakuti zambiri zimene tikudziwa za ubongo zinapezeka pofufuza makoswe, amphaka, anyani ndi nsomba, komanso poona mmene mluza umakulira. Wofufuza khoswe ndi dokotala wa anthu amafuna kulankhula za kachigawo kamodzimodzi popanda kutembenuza chilichonse. Mawu otsata neuraxis amawalola kutero, pamene akuti superior ndi inferior amadalira kuti mwini thupi akuyenda ndi miyendo iwiri.

Koma pamunthu mzerewo suwongoka. M'sabata yachitatu ndi yachinayi mayi atatenga pathupi, ubongo ndi chingwe cha mumsana zimayamba ngati kapaipi kakang'ono kamodzi. Kumutu kwa kapaipiko kumatupa patatu, ndipo apo ndi pamene pamachokera ubongo wakutsogolo, wapakati ndi wakumbuyo. Pa ubongo wapakatiwo kapaipiko kamapinda n'kuweramira kutsogolo, ndipo kupindikako, kumene amakutcha cephalic flexure, sikuwongokanso. Munthu wamkulu amatsala ndi neuraxis yooneka ngati ndodo yoyendera yokhota kumutu: chingwe cha mumsana ndi tsinde la ubongo, limene limalumikiza chingwecho ndi ubongo waukulu, zaimirira, koma ubongo waukulu wagona, kuloza kumphumi.

Zotsatira zake ndi izi. M'chingwe cha mumsana ndi m'tsinde la ubongo, dorsal ndi kumbuyo, ventral ndi kutsogolo, rostral ndi kumwamba, caudal ndi kumunsi. Mukangodutsa pokhota paja n'kulowa mu ubongo waukulu, zonse zimazungulira: dorsal wasanduka kumwamba cha kuliwombo, ventral ndi pansi cha pa tsinde la chigaza, rostral ndi kumphumi, caudal ndi kunkhongo. Liwu limodzi lomwelo likuloza mbali ziwiri m'mutu umodzi, ndipo palibe amene walakwitsa.

Njira yapafupi yomvetsera ndi kugwiritsa ntchito thupi lanu. Gwadani, mugwire pansi ndi manja ngati mwana wokwawa, kenako dzutsani nkhope muyang'ane kutsogolo. Mwawongola ndodo ija. Liwombo ndi msana zonse zaloza kudenga, ndiye dorsal ameneyo. Chibwano ndi mimba zaloza pansi, ndiye ventral. Mphuno ili patsogolo, matako kumbuyo. Mukaimirira, msana umatembenuka koma mutu umatsala mmene unalili, ndipo chisokonezo chonse chimabadwira pomwepo.

Zitsanzo ziwiri zikuonetsa liwulo likugwira ntchito uku ndi uko kwa pokhota. Minyewa imalumikizana ndi chingwe cha mumsana kudzera m'mizu iwiri mbali iliyonse. Charles Bell mu 1811 ndi François Magendie mu 1822 ndi amene amatchulidwa pa zopeza kuti mizuyi ili ndi ntchito zosiyana: muzu wa dorsal umalowetsa uthenga wa zimene khungu ndi ziwalo zikumva, wa ventral umatulutsa malamulo oyendetsa minofu. Pamunthu muzu wa dorsal uli kumbuyo, n'chifukwa chake mabuku ena amangouti posterior. Koma mu 1982 Leslie Ungerleider ndi Mortimer Mishkin, pofufuza anyani, anafotokoza njira ziwiri zimene uthenga wa maso umatsata ukachoka kunkhongo. Yotchedwa dorsal, yothandiza kudziwa pamene chinthu chili, imakwera cha kuliwombo. Yotchedwa ventral, yothandiza kuzindikira kuti chinthucho n'chiyani, imatsikira m'mbali cha kukhutu. Apa dorsal sakunena za kumbuyo ngakhale pang'ono.

Mayina amene ali ngati keyala

Mukagwira mawuwa, mayina aatali oopsa aja amayamba kudziulula okha. Dorsolateral prefrontal cortex ndi khungwa la ubongo la kutsogolo kwenikweni, cha kumwamba ndiponso cha kunja. Ventromedial ndi cha pansi, pafupi ndi mzere wapakati. Kumbuyo kwa ubongo wapakati kuli timatumphu tinayi: tiwiri tapamwamba, superior colliculi, timathandiza kutembenuzira maso ku chinthu chimene chatulukira, ndipo tiwiri tam'munsi, inferior colliculi, ndi ta kumva. Malo amene Paul Broca analoza ku Paris mu 1861, atapima ubongo wa munthu amene anasiya kulankhula, lero amawatchula ndi keyala yomweyo: chakumbuyo kwa inferior frontal gyrus, ndiye kuti mtumbira wam'munsi wa chigawo cha kumphumi, ndipo mwa anthu ambiri ndi kumanzere.

Kusiyana kwa medial ndi lateral kumaoneka ndi maso pa wodwala sitiroko. Kachigawo koyendetsa minofu ndi kamtumbira kotsika kuchokera paliwombo kulowera cha kukhutu. Wilder Penfield, pochita maopaleshoni a odwala khunyu ku Montreal m'zaka za m'ma 1930, ankakhudza kamtumbiraka ndi magetsi ochepa n'kumaona chiwalo chimene chagwedezeka. Mwendo ndi phazi zinapezeka kumwamba, mpaka kugwera m'kati mwa mpata wolekanitsa mbali ziwiri za ubongo, kumene ndi medial. Dzanja ndi nkhope zinapezeka kunja, kumene ndi lateral. Malo awiriwa amamwa magazi a mitsempha yosiyana. Ukatsekeka wotchedwa anterior cerebral artery, umene umadyetsa mbali ya m'kati, mwendo ndi umene umafooka kwambiri. Ukatsekeka middle cerebral artery, wodyetsa mbali ya kunja, zimafooka kwambiri ndi nkhope ndi mkono. Dokotala wozolowera amayamba kuganizira mtsempha wake wodwala asanalowe n'komwe m'makina.

Palinso mawu awiri onena za mbali ya thupi. Ipsilateral ndi mbali yomweyo, contralateral ndi mbali inayo. Minyewa yoyendetsa manja ndi miyendo ikamatsika, yochuluka, pafupifupi 85 mpaka 90 pa 100 iliyonse, imaoloka mzere wapakati kumunsi kwa tsinde la ubongo, pamalo otchedwa medulla. Choncho sitiroko ya kumanzere kwa ubongo imapha ziwalo za kumanja. Koma lamuloli si la ubongo wonse. Cerebellum, kaubongo ka kunkhongo kowongolera kayendedwe, kakavulala kumanzere, dzanja lophonyaphonya ndi lamanzere lomwelo. Ndipo vuto likakhala m'tsinde la ubongo, nkhope imatha kufooka mbali ino pamene mkono ndi mwendo zafooka mbali inayo, chizindikiro chimene chimaloza malo ake bwino kwambiri. Maso nawo ali ndi kagawidwe kawo: sikuti diso lamanzere limatumiza zonse kumanja ayi, koma chilichonse chimene chili kumanzere kwa pamene mukuyang'ana, chooneka ndi maso onse awiri, chimathera kumanja kwa ubongo.

Kudula kuti tione m'kati

Mbali zimakuuzani kolowera. Koma zambiri za mu ubongo zabisika pansi pa khungwa lake, ndipo kuti zioneke pamafunika kudula, kaya ndi mpeni pa ubongo wa womwalira kapena ndi kompyuta pa wamoyo.

Tengani paipi. Mukaidula chopingasa, podulapo pamaoneka mkombero. Mukaidula chopendekera, mkomberowo umatalika ngati dzira. Mukaing'amba mulitali, mumaona mizere iwiri yoyenda limodzi. Paipi ndi yomweyo, koma zithunzi zatuluka zitatu, ndipo amene sanauzidwe mmene mwadulira akhoza kulumbira kuti ndi zinthu zitatu. Mu ubongo muli zinthu zambiri zokhota ngati uta, moti kachiwalo kamodzi kamatha kuoneka pawiri m'chithunzi chimodzi, kwina pamwamba kwina pansi. N'chifukwa chake funso loyamba pa chithunzi chilichonse cha ubongo limakhala lakuti, adula motani?

Kadulidwe koyamba ndi sagittal, kolekanitsa kumanja ndi kumanzere. Sagitta ndi muvi, ndipo dzinali linachokera pa msoko wa chigaza umene umayenda paliwombo kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Kudulako kukadutsa pakati penipeni amati midsagittal, kukapatukira pambali amati parasagittal. Kwa ine chithunzi cha pakati penipenichi ndi chimene wophunzira aliyense ayenera kuyambira, chifukwa ndi chimene chimaonetsa ndodo yokhota ija poyera, tsinde litaimirira ndipo ubongo waukulu utagona pamwamba pake. Pomweponso pamaoneka corpus callosum, mlatho wa minyewa pafupifupi 200 miliyoni wolumikiza mbali ziwiri, utapinda ngati uta. Pansi pake chakutsogolo pakulendewera pituitary, kachiwalo kolamulira mahomoni ambiri, ndipo kumbuyo kuli cerebellum, imene ikadulidwa chonchi m'kati mwake mumaoneka ngati mtengo wa nthambi zambiri. Kufooka kwa kadulidweka n'kwakuti mumaona mbali imodzi yokha, palibe poyerekezera.

Kachiwiri ndi coronal, kolekanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Mpeni umatsika kuchokera pamwamba, kutsata njira imene chogwirira cha mahedifoni chimadutsa kuchoka kukhutu ili kupita kukhutu ilo. Corona ndi nkhata yovala kumutu, ndipo dzinali nalonso ndi la msoko wa chigaza, wopingasa chakutsogolo kwa mutu. Ena amangoti frontal. Chithunzi chake chimakhala ngati mukuyang'anizana ndi munthuyo maso ndi maso, mbali zonse ziwiri zili pamodzi. Ndi kadulidwe kamene madokotala a khunyu amakonda akafuna kuona hippocampus, kachiwalo kofunika posunga zokumbukira zatsopano, kamene kagona m'kati mwa chigawo cha ubongo cha kukhutu. Ya mbali imodzi ikafota, imaonekera poiyerekeza ndi inzake.

Kachiwalo komweka ndi kamene kanatchukitsa Henry Molaison wa ku America. Mu 1953 anamuchotsa mbali za medial za chigawo cha kukhutu kumanja ndi kumanzere komwe pofuna kuthetsa khunyu, ndipo kuyambira pamenepo sankasunganso zinthu zatsopano m'mutu. Atamwalira mu 2008, ubongo wake anauumitsa ndi kuzizira, ndipo mu December 2009 ku San Diego anaudula mwa coronal kuyambira kumphumi mpaka kunkhongo. Panatuluka tizidutswa 2,401, kalikonse kopyapyala ngati tsitsi limodzi.

Kachitatu ndi horizontal, kamene kuchipatala amakonda kukatcha axial, kolekanitsa kumwamba ndi kumunsi ngati mmene mlomo wa chipewa umazungulirira mutu. Kameneka ndi kamene mungakaone koyamba munthu akavulala m'mutu kapena akagwa sitiroko. Wowerenga amayang'ana ngati mbali ziwirizo zikufanana komanso ngati mzere wapakati udakali pakati. Magazi ovundira kapena chotupa zikamakankha ubongo, mzerewo umasunthira mbali inayo, ndipo kusuntha kopitirira mamilimita 5 kumatengedwa ngati chenjezo lalikulu.

Pali liwu lachinayi, transverse, limene limakola anthu, ndipo msampha wake ndi ndodo yokhota yomwe ija. Tanthauzo lake ndi kudula chopingasa mzere wautali wa chinthu. Pachingwe cha mumsana, chimene chaimirira, kudula chopingasa ndi horizontal. Koma mu ubongo waukulu, umene wagona, kudula kopingasa neuraxis ndi coronal. Pakhoswe funsoli silibuka, chifukwa kudula kumodzi komweko kumapingasa kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Palinso kena kokhumudwitsa wophunzira: mabuku ambiri akale amajambula tsinde la ubongo mbali ya dorsal ili pamwamba pa tsamba, pamene zithunzi za kuchipatala zimaika nkhope pamwamba. Munthu amaloweza chithunzi chaka chonse, n'kukachipeza m'chipatala chili chozondoka.

Kuchoka pa macheka kufika pa makina

Zojambula za ubongo zimene Andreas Vesalius anafalitsa mu 1543 zinali za horizontal pa chifukwa chodziwikiratu: ukacheka chigaza n'kuchotsa chivundikiro chake, chotsatira n'kumasenda ubongo kuchokera pamwamba kupita pansi. M'zaka za m'ma 1850 dokotala wa opaleshoni wa ku Russia, Nikolai Pirogov, ankaumitsa mitembo ndi chisanu ku St Petersburg n'kumaicheka m'njira zonse zitatu, kuti ziwalo zioneke zili m'malo mwake zisanasunthe. Zonsezi zinkatheka pa akufa okha. X-ray, imene Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895, inkaonetsa bwino mafupa a chigaza, koma inkasanjikiza zonse pachithunzi chimodzi ndipo ubongo weniweniwo sunkaoneka.

Zinasintha pa 1 October 1971, pamene makina a Godfrey Hounsfield, amene lero amatchedwa CT, anajambula wodwala woyamba pachipatala cha Atkinson Morley ku London. Anali mayi amene ankamuganizira kuti ali ndi chotupa mu ubongo, ndipo chinaonekadi. Hounsfield analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack. Makinawa ankazungulira mutu wa munthu wogona chagada, choncho kadulidwe kamene ankatulutsa kanali axial basi. Chilembo A m'dzina lawo lakale lakuti CAT chikuimira liwu limenelo, ndipo T akuimira tomography, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chodulidwa. Madokotala anazolowera kuganiza mwa axial chifukwa cha mmene makinawo anapangidwira, ndipo chizolowezicho chikadalipo.

MRI, njira yojambulira m'thupi ndi maginito, imene inapezetsa Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield mphoto ya Nobel mu 2003, imajambula mwa kadulidwe kalikonse wodwala osasuntha. Masiku ano makina onse awiri amatha kusunga mutu wonse ngati mulu wa timabokosi tating'ono, kalikonse pafupifupi milimita imodzi mbali zonse kapena kuchepera, ndipo kompyuta imadula muluwo mmene dokotala wafunira, ngakhale chopendekera. Akaloza kadontho pachithunzi chimodzi, kamaoneka nthawi yomweyo pa zina ziwirizo.

Kumanzere kumene kuli kumanja

Mukapatsidwa chithunzi cha axial cha kuchipatala, mbali ya kumanzere ya wodwala imakhala kudzanja lanu lamanja. Anthu ambiri amaganiza kuti wojambula wasokoneza, koma ndi mwambo wa ntchitoyo. Chithunzicho chimaikidwa ngati kuti mwaima kumapazi kwa munthu wogona chagada n'kumayang'ana cha kumutu kwake. Zithunzi za coronal nazo zimatsata zomwezo, ngati mwayang'anizana naye. Koma ofufuza ambiri a ubongo amachita zosiyana, amaika kumanzere kumanzere, ngati mwaima kumbuyo kwa munthuyo. Miyambo iwiriyi ikuyendera limodzi mpaka lero, ndipo sindikuona kuti wina adzagonjera mnzake posachedwa.

Pachifuwa kusokoneza mbali kumagwidwa msanga chifukwa mtima umakhala cha kumanzere mwa anthu pafupifupi onse. Ubongo ulibe mboni yotere. Mbali zake ziwiri zimafanana kwambiri moti chithunzi chotembenuzidwa chimaoneka bwinobwino. N'chifukwa chake m'mphepete mwa chithunzi mumakhala zilembo R ndi L, ndipo wowerenga wosamala amayamba wapeza zimenezo asanayang'ane china chilichonse. Ofufuza ena amamata kapisozi wa vitamini E mbali imodzi ya mutu wa munthu asanalowe mu MRI. Mafuta a m'kapisoziyo amawala pachithunzi, ndipo kadontho kameneko kamatsimikizira mbali ngakhale kompyuta itatembenuza mafayilo. Pa opaleshoni, kutsimikizira mbali ndi kuikapo chizindikiro pakhungu kuli m'gulu la zinthu zofunika kuona zimene bungwe la WHO linaika pamndandanda wake wa 2008.

Chogona poyerekeza ndi chiyani?

Kunena kuti horizontal kukusiyabe funso, chifukwa mutu umawerama ndi kudzuka. Anthu awiri atagona m'makina amodzi, wina atakweza chibwano pang'ono, zithunzi zawo za "pamlingo umodzi" zidzaonetsa zinthu zosiyana. Pamafunika zizindikiro ziwiri zokokerapo mzere. Oyeza zigaza anagwirizana ku Frankfurt m'zaka za m'ma 1880 kuti mzerewo uzichoka m'munsi mwa dzenje la diso kufika pamwamba pa bowo la khutu. Ojambula ndi CT akhala akugwiritsa ntchito wina woyandikana nawo, wochoka pangodya ya kunja ya diso kupita pakhutu. Onsewa ndi abwino, koma atsamira pa fupa ndi khungu, ndipo ubongo sukhala mofanana ndendende m'chigaza chilichonse.

Amene ankafuna kufikitsa singano pamalo amodzi akuya ndi amene anamva vutoli kwambiri. Mu 1908 Victor Horsley ndi Robert Clarke ku London anapanga chitsulo chomangirira kumutu kwa nyama, chokhala ndi miyeso mbali zitatu, kuti malo alionse mu ubongo azitchulidwa ndi manambala atatu. Pa anyani zinkatheka poyezera pafupa. Pa anthu zinadikira mpaka 1947, pamene Ernest Spiegel ndi Henry Wycis ku Philadelphia anayamba kuyezera pa zizindikiro za m'kati mwa ubongo momwemo. Kenako Jean Talairach wa ku Paris anakhazikitsa mzere umene ukugwirabe ntchito lero. Umalumikiza timitolo tiwiri ta minyewa yooloka mzere wapakati, anterior commissure kutsogolo ndi posterior commissure kumbuyo, timene tatalikirana pafupifupi mamilimita 25. Amangouti mzere wa AC-PC. Chithunzi chikawongoledwa kuti mzerewu ugone, ndiye kuti horizontal wapezeka, ndipo sagittal ndi coronal zimatsatira zokha.

Kuchokera pamenepo, mbali zija zimasanduka masamu. Pa mapu amene ofufuza amagwiritsa ntchito, poyambira ndi pa anterior commissure. Nambala x imayeza kumanzere ndi kumanja, y imayeza kumbuyo ndi kutsogolo, z imayeza pansi ndi pamwamba. Kusunga x pamalo amodzi ndiko kudula kwa sagittal, kusunga y ndi coronal, kusunga z ndi axial. Mapu amene Talairach ndi Pierre Tournoux anatulutsa mu 1988 anachokera pa ubongo umodzi wokha, wa mayi wa zaka 60, chinthu chimene chinali chofooka poti ubongo wa munthu mmodzi sungaimire anthu onse. Ku Montreal Neurological Institute anakonza ena posakaniza zithunzi za MRI za anthu ambiri, ndipo otchuka kwambiri ndi a anthu 152.

Kumene manambalawa amagwira ntchito yooneka ndi pa opaleshoni ya matenda a Parkinson, amene amanjenjemeretsa ziwalo, pamene amalowetsa kawaya ka magetsi mpaka pa kachiwalo kotchedwa subthalamic nucleus, kamene kukula kwake ndi mamilimita ochepa chabe. Dokotala amayamba wapeza pakati pa mzere wa AC-PC. Kuchokera apo amawerenga pafupifupi mamilimita 12 cha ku lateral, 2 kapena 3 cha ku posterior, ndi 4 cha ku inferior. Manambala amenewa ndi ongoyambira. Amawayerekeza ndi MRI ya wodwalayo mwa axial, coronal ndi sagittal, n'kusuntha kadontho milimita imodzi kapena awiri mpaka katakhala pamene kachiwaloko kakuonekera mwa munthu ameneyu. Kenako amasankha njira yopendekera yochokera chakutsogolo kwa liwombo, yozemba mitsempha ya magazi ndi timaenje ta madzi ta mu ubongo. M'zipatala zambiri wodwala amakhala ali maso pamene kawayako kakutsika, ndipo dokotala akayatsa magetsi kumanzere kwa ubongo, amayang'anitsitsa dzanja lamanja kuti aone ngati lasiya kunjenjemera.